Wopita Kwawo Sasiya Khasu

1

Mwezi umene bambo anga anayamba kuseka, mudzi wonse unati achira. Inenso, mwana wawo mmodzi yekhayo, ndinagwada n'kuthokoza Mulungu. Sindinkadziwa kuti pali kuseka kwina koopsa kuposa kulira.

Dzina langa ndine Tikondwe, ndipo ndimaphunzitsa pasukulu ina ya pulaimale kufupi ndi Lizulu. Bambo anga, a Paison, anthu onse ankangowatchula kuti Sajeni. Kwawo ndi kuchigwa, cha ku Sharpevale, koma anakwatira chikamwini m'mudzi mwathu kumtunda kuno. Ali ku usilikali anatumizidwa kukalondera njanji ku Mozambique pa nthawi ya nkhondo, ndipo anabwerako khutu limodzi litagontha, tulo tawo tili tochepa. Atapuma pantchito, boma la zipani zambiri litangoyamba kumene, ndalama zonse zimene analandira anamangira nyumba ya njerwa zootcha ndi malata pamalo a amayi anga, a Lufina.

Amayi anamwalira chaka chotsatira njala ya 2002. Kuyambira pamenepo zinthu zinayamba kugwa chimodzichimodzi ngati zipupa za nyumba yosafolera. Penshoni ya ababa inali yochepa moti inkathera pa ulendo wokaitenga. Anapeza ntchito ya ulonda pamsika wa Lizulu, yoyang'anira matumba a mbatatesi, koma akuba atang'amba matumba iwo osamva, anawachotsa. Anyamata ogulitsa kabichi akawaona ankaimirira njo n'kuchita sailuti.

"Lefiti, raiti, Sajeni! Njanji ya eni munaikwanitsa, mbatata yakukanikani!"

Ababa anasiya kupita kumsika. Kenako anasiya kupita kutchalitchi chifukwa jekete lawo linali litang'ambika m'zigongono. Ankangokhala pakhonde, wailesi ili pamiyendo koma yosatsegula.

"Ababa, idyaniko pang'ono," ndinkawachonderera.

"Idya iwe, ndiwe wagwira ntchito. Ine ndachita chiyani lero choti ndidyere?"

2

Titakolola, kunabwera amalume anga a Redson, mlongo wawo wa malemu amayi. Iwowa ndiwo anali mwinimbumba wathu, komanso ankachita malonda a mbatatesi. Anafika limodzi ndi Kingston, mnyamata amene anali atanditomera. Kingston ankagula mbatatesi kwa alimi n'kumatumiza ku Blantyre, ndipo ndinkamukonda ndi mtima wonse.

"Alamu," anayamba motero amalume atakhala pampando wa ndalema, "chiliza cha mlongo wanga timanga mwezi wamawa. Mwambo wake mukuudziwa."

"Ndikuudziwa," anayankha ababa.

"Tidzakusudzulani mwaulemu, ndi thobwa ndi mowa womwe. Mupite kwanu mukapume. Mukadali ndi mphamvu inu, mukhoza kukapezako wina wokuchapirani."

Kwathu kuno mwamuna ndi mlendo pamudzi wa mkazi wake, ngakhale atakhalapo mpaka imvi. Mkazi akamwalira, abale amamumasula, iye n'kutenga khasu lake, nkhwangwa ndi zovala, kubwerera kwawo. Nyumba ndi munda zimatsalira ana. Ine ndinali nditakhala pamphasa chapatali, ndipo mwana wamkazi sayankha amalume ake pamaso pa amuna.

Alendo atapita ndinawafunsa. "Ababa, kodi inuyo mukufuna kupita?"

Anayang'ana malata a nyumba yawo nthawi yaitali. "Msilikali akauzidwa kuti nyamuka, safunsa chifukwa."

Nditamuuza Kingston nkhawa zanga, anandigwira paphewa. "Usadandaule, switi. Munthu wamkulu amasangalala kwawo, pakati pa alongo ake. Pano chimene chikuwadwalitsa ndi kukumbukira amayi ako."

Mawu amenewo ndinawakhulupirira chifukwa anali opepuka kuwanyamula.

3

Ababa anatsikira ku Sharpevale kukadziwitsa abale awo, ndipo anakhalako masiku angapo. Anabwerako ali munthu wina. Anali ataonda, nsapato zili mbuu ndi fumbi, koma nkhope ili yowala.

"Andilandira ngati mfumu," anatero akuseka. "Azakhali ako a Eliness andikonzera nyumba, munda uliponso. Zonse zatheka, mwanawe. Mtima wanga tsopano wakhala pansi."

Anayambanso kudya. Anameta ndevu. Anakwera padenga n'kukhoma msomali uliwonse umene unali utakhwepa, anakonza loko wa chitseko, anadulira mitengo ya mapichesi. Kenako anayamba kuyenda nyumba ndi nyumba kutsazika anthu ndi kupepesa aliyense amene anayambanapo naye, ngakhale pa nkhani ya nkhuku yolowa m'dimba zaka zapitazo. Njinga yawo anapatsa Kingston. Nsapato zawo za jombo, zimene ankazipukuta Loweruka lililonse, anapatsa mlonda wa kusukulu kwathu. Bulangete la usilikali linapita kwa nkhalamba ina yosaona.

Amayi a m'mudzi ankawayamikira pachitsime. "Mkamwini wolongosoka ndi ameneyu. Ena amachoka atasasula malata, akutukwana mudzi wonse. Koma a Sajeni, ayi ndithu, anaphunzitsidwa."

Tsiku lina madzulo anandiitana n'kundiika mendulo yawo m'manja.

"Nanga kwanuko simukaifuna, ababa? Mukawaonetse adzukulu a azakhali."

"Kumene ndikupitako safunsa mendulo."

Ndinaseka, iwonso anaseka. Kenako anandiyang'anitsitsa ngati munthu amene akuloweza nkhope, n'kunena kuti, "Wafanana ndi amayi ako pamene ndinkawafunsira."

4

Mwambo wosudzula unakonzedwa kuti uchitike Loweruka m'mawa. Lachisanu, ana ali pa buleki, ndinaona a Bizwell akubwera motsimphina pabwalo la sukulu. Iwowa anali mnzawo wa ababa wa ku usilikali, amene ankasoka nsapato pansi pa mtengo kumsika. Paphewa anali atanyamula khasu.

"Aphunzitsi, khasu ili mukulidziwa?"

Ndinalidziwa. Mpini wake unali wosalala ndi manja a ababa, ndipo anali ataudinda chizindikiro ndi waya wamoto.

"Andipatsa dzulo, pamodzi ndi wailesi. Wailesi ndalandira. Koma ili landisowetsa tulo." Analiimika pakati pathu. "Tandiuzeni, mwana wanga. Munthu amene akuti akupita kwawo, kumene amusungira munda, angasiye khasu? Ngakhale mkamwini wothamangitsidwa ndi zibonga amathawa khasu lili m'manja."

"Mwina akagula lina," ndinatero.

"Akagula ndi chiyani? Tamverani. Tinali ndi mnzathu wina, Eliya, wa ku Bilira. Anapuma pantchito, ndalama zinatha, mkazi anachoka, anthu ankamuseka. Anakhala chaka osayankhula. Kenako mwadzidzidzi anayamba kuseka, kugawa katundu, kutsazika anthu. Tonse tinati wachira. Bokosi lake tinalinyamula ife tomwe pamapewa."

"Mwawafunsa ababa?"

"Ndawafunsa maso ndi maso. Andiseka, akuti Bizwell wakalamba, wayamba kulota masana. Paison ndimamudziwa, sangavomere pokhapokha bodza lake litagwidwa. Pitani ku Sharpevale lero lomwe, mukaione ndi maso anu nyumba akunenayo. Ine ndikakhala pakhonde pawo ngati galu. Sindiwasiya okha."

5

Ndinapempha ahedi kuti ndichoke, ndipo ndinakwera matola otsika msewu wokhotakhota wa Khwekhwerere. Pamene tinkatsika, mphepo yozizira ya kwathu inkatsalira m'mwamba, kutentha kwa kuchigwa kukundifinya pakhosi. Ndinafika kwa azakhali a Eliness dzuwa litapendeka. Ndinawapeza akusola thonje pakhonde.

"Azakhali, ndabwera kudzaona nyumba imene mwawakonzera ababa."

Manja awo anaima. "Nyumba iti?"

"Akuti mwawakonzera nyumba, ndi munda womwe."

Anayang'ana kumbali n'kupukusa mutu. "Mwana wa achimwene, tayang'ana wekha. Munda wa amayi athu tinagawana kalekale, ana anga ndi ana a mng'ono wanga, ndipo sukutikwanira. Ndinawauza chilungamo. Ndinati achimwene, muli pantchito ndalama zanu zonse munakamangira kwa akazi anu, kuno simunaikeko ngakhale lata limodzi. Lero zakuvutani ndiye mwakumbuka kuti muli ndi kwanu? Mwina ndinalankhula mowawa, koma njala ija inatiphera anthu kuno bambo ako osaoneka."

"Nanga masiku onse aja ankagona kuti?"

"Pano sanagone. Sanamwe ndi madzi omwe. Anthu anawaona akugona m'makonde a masitolo pa Sharpevale." Azakhali anayamba kulira. "Pochoka anandigwira dzanja, akumwetulira. Anati, musavutike mlongo wanga, malo ndawapeza kale. Ndi aang'ono, koma kumeneko palibe adzandisudzule."

Ndinathamangira kumsewu ngati wamisala. Galimoto yokwera kumtunda inali itapita kale, ndipo ina sinabwerenso tsiku limenelo.

6

M'mawa mwake matola anachedwa kudzaza, ndipo pachitunda injini inatentha, tonse n'kutsika kudikira kuti izizire. Ndinafika m'mudzi dzuwa lili paliwombo. Mwambo unali utatha. Pabwalo panali zipanda za mowa ndi anthu oimba mokoka mawu. Pakhomo pathu panaima lole, ndipo amuna ankatsitsa matumba a mbatatesi kulowetsa m'nyumba ya ababa. Mipando yathu inali panja. Kingston anali pakhomo akulozera poika.

"Kingston, chikuchitika n'chiyani?"

"Aa, switi, unali kuti? Takhala tikukufunafuna. Ndati tingosungako katundu pang'ono, nyumba yaikulu ngati iyi isangokhala."

Amalume anatulukira kuseri akudzandira, maso ali psuu. "Wabwera, mphwanga? Uthokoze mwamuna wakoyu, ndi wochenjera. Maliro a amayi ako asanazizire n'komwe anabwera kwa ine. Akuti malume, nyumba ya malata ili pafupi ndi msewu, mdala uja akachoka tidzaika sitolo ya mbatata, phindu tidzagawana. Ine ndinkati tidikire chaka china, iye ayi, ayi, fulumirani. Ndiye ndi izi, zatheka!"

"Amalume aledzera," anatero Kingston mofulumira. "Ndimachitira ife tomwe, Tiko. Tsogolo lathu."

Ndinamuyang'ana ndipo ndinaona munthu amene sindinkamudziwa. Njinga ya ababa inali itatsamira lole yake. Koma ndinalibe nthawi yokwiya.

"Ababa ali kuti?"

"Atsazika bwinobwino, anyamula kachikwama, alowera kumsewu kukadikira basi," anatero amalume.

"Kumsewu ayi," anayankha mayi wina amene ankatsuka mbale. "Anafika pamphambano n'kukhotera kumadimba. Ndinadabwa. A Bizwell anawatsatira, koma ndi mwendo wawo uja anatsalira kutali."

7

Sindikumbukira mmene ndinatsikira chitunda chija. Nsapato imodzi ndinaitaya m'njira. Dimba la amayi lili kumapeto kwenikweni, kuseri kwa nthochi, kumene munthu saoneka. Kunali zii, ngakhale mbalame sizinkalira.

Ndinaona ababa atakhala pansi m'mphepete mwa khwawa, atavala malaya oyera osita bwino. A Bizwell anali atakhala pambali pawo, akupuma mwabefu, atawagwira dzanja lamanja ndi manja awo onse awiri. Kachikwama kanali kotsegula, ndipo munalibe chovala ngakhale chimodzi. Chimene chinali m'menemo sindichitchula. A Bizwell anali atachiponda ndi phazi lawo lopunduka lija.

"Ndisiye, Bizwell," ababa ankanena motsitsa. "Ndakulamula."

"Usajeni wanu unathera kubalaki. Kuno ndinu Paison, ndipo sindikusiyani."

Ababa atandiona anayesa kumwetulira. "Tikondwe, ndimangotsazika dimba la amayi ako. Basi indipeza."

Ndinagwada patsogolo pawo, kumbali ya khutu lawo lakumva. "Ababa, ndachokera kwa azakhali a Eliness."

Kumwetulira kuja kunazima ngati nyali yothera mafuta.

"Kulibe nyumba. Kulibe munda. Ababa, ndikufunsani ndipo mundiyankhe zoona. Kodi mwabwera kuno kudzadzipha?"

Sindinaganizepo kuti mawu otere angatuluke pakamwa panga. Ndinkaopa kuti kuwatchula ndiko kuwaitana. Koma nditangowatchula, mapewa a ababa anagwa, ndipo munthu amene sanalire pamaliro a mkazi wake analira mokweza ngati mwana.

"Ndipite kuti, mwanawe? Kuno ndine mlendo, kwathu ndine mlendo. Ndinapereka unyamata wanga ndi khutu langa, lero ana akundichitira sailuti yachipongwe. Ndikudya thukuta la mwana wamkazi. Ndinati ndichoke mwaulemu, iwe ukwatiwe bwino, nyumba ikhale yako popanda chipsinjo."

"Chipsinjo ndani? Amene anandinyamula paphewa kupita nane kusukulu mtsinje utadzaza? Mukanachita zimenezi, ine m'nyumba imeneyo ndikanagonamo bwanji?"

"Mwambo wachitika kale. Andisudzula pamaso pa anthu."

"Amalume asudzula mkamwini wawo. Ine sindinasudzule bambo anga. Malo aja ndi a amayi, ndipo mwana wa amayi ndine ndekha. Amene agone m'nyumba imeneyo ndinena ndine. Ndinayenera kulankhula tsiku lija, ndinaopa. Lero ndilankhula."

Tinakhala pamenepo mpaka misozi yawo inaphwa. Kenako a Bizwell anatenga kachikwama kaja, ndipo tinakwera chitunda, ababa ali pakati pathu.

8

Anthu atationa, nyimbo zinaleka. Ndinaima pakhomo, nsapato imodzi kuphazi, n'kunena mokweza kuti matumba onse atuluke. Amalume anakalipa kuti ndikuphwanya mwambo. Koma amayi akuluakulu a mbumba yathu, atamva zonse, anawakumbutsa kuti kuyambira kale ana akakula amatha kupempha kuti bambo awo akhale, ndipo pempho lotere silikanidwa. Amalume anagonja, ndipo matumba anatuluka. Kingston ndinamubwezera mphete yake pamaso pa ankhoswe sabata yotsatira, ndipo njinga anabweza yekha.

Musaganize kuti ababa anachira tsiku lomwelo. Lolemba ine ndi a Bizwell tinapita nawo kuchipatala ku boma, kumene anaonana ndi dokotala woona za maganizo, ndipo tinkabwererako mwezi ndi mwezi. Panali masiku ena amene ankakhalanso pakhonde osayankhula, ine mtima uli m'mwamba m'kalasi. A Bizwell anasonkhanitsa anzawo ena opuma usilikali, ndipo ankabwera mosinthana kudzacheza nawo, kukangana za mpira ndi kukumbutsana za kunjanji. Khasu lija a Bizwell anakana kulibweza.

"Munandipatsa nokha," ankatero. "Mukalifuna mudzalipemphe nokha."

Miyezi inapita. Tsiku lina mu Novembala, mitambo itayamba kuda cha ku Mozambique, ndinali pamsika kugula tomato pamene ndinaona ababa akudutsa pakati pa anyamata a kabichi aja, osayang'ana kumbali. Anakaima pansi pa mtengo wa a Bizwell.

"Iwe Bizwell, wakuba iwe. Mvula ili pafupi. Ndibwezere khasu langa."

A Bizwell anaika pansi nsapato imene ankasoka, n'kupukuta m'maso ndi mkono wa malaya. Ine ndinalira pakati pa msika, anthu akundiyang'ana.

9

Inu amene mwawerenga nkhaniyi, m'midzi ndi m'matauni mwathu muli amuna ambiri onga bambo anga. Anaphunzitsidwa kupirira osadandaula, ndipo yunifolomu itavulidwa anatsala opanda ntchito, opanda munda, ena opanda kwawo. Sadzakuuzani kuti zawavuta. Ife mudzi wonse tinaona munthu akugawa katundu wake ndi kutsazika, ndipo tinamuombera m'manja chifukwa mwambo unatiuza kuti akuchita bwino. Mwambo sunalakwe kulemekeza wochoka, koma palibe mmodzi wa ife anafunsa ngati kumene akupitako kulikodi.

Mukaona munthu amene anali wosweka mtima wasanduka wosangalala mwadzidzidzi, akupereka ngakhale zinthu zimene adzazifune mawa, musamusiye yekha. Mufunseni mosapita m'mbali, monga ndinachitira mochedwa ine. Funso silipha munthu. Mukatero mupite naye kuchipatala, ndipo muitane anzake amene amawakhulupirira.

Ababa ndi amene andilola kulemba zonsezi. Ndinawawerengera ndime ndi ndime, kumbali ya khutu lakumva, ndipo anangokonza malo amodzi: akuti a Bizwell sanawagwire ndi manja awiri, dzanja limodzi linali lokwanira chifukwa iwonso, pansi pa mtima, ankafuna kugwiridwa. Pamene ndikumaliza kulemba, ndikuwaona pawindo. Ali kuseri kwa nyumba, tsitsi lonse lili mbuu, akupalira mbatatesi ndi khasu lomwe lija.